Ku Betaniya, kwao kwa munthu wa manda awiri

Mudzi wa Betaniya lero sutchedwanso Betaniya. Eni ake, amene ndi Apalestina olankhula Ciarabu, amautcha al-Eizariya, ndiko kunena kuti kwa Lazaro. Monga momwe kwathu kuno mudzi umatengera dzina la mwini wake, mudzi umenewu unasiya dzina lake lakale n'kutenga dzina la munthu amene anagona m'manda masiku anai nabwerera. Uli kutsidya kwa Phiri la Azitona, mbali ya kum'mawa, pa njira yotsetserekera ku Yeriko. Yohane Woyera, amene amakonda kutchula mitunda ndi maola, akutiuza kuti unali pafupi ndi Yerusalemu, mtunda umene lero tingauyese makilomita atatu (Yohane 11:18). Ndi ulendo umene mai wa kwathu amayenda popita ku cigayo, thumba la cimanga lili pamutu.

Ambuye Yesu analibe nyumba ku Yerusalemu. Akatha kuphunzitsa m'Nyumba ya Mulungu, dzuwa likapendeka, ankakwera phiri lija n'kukagona ku Betaniya (Marko 11:11), kumene kunali banja la anthu atatu a mimba imodzi, Marita, Maria ndi mlongo wao Lazaro. Kumeneko sanali mphunzitsi wotsatidwa ndi cikhamu ca anthu cabe. Anali mlendo wa pakhomo, wodziwa pamene pamakhala mtsuko wa madzi. N'cifukwa cake, abale anga, pamene gulu lathu la apaulendo linkakonza malo okaona, ine ndinapempha kuti Betaniya asasiyidwe, ngakhale kuti magulu ambiri masiku ano amamudumpha.

Cimene amamudumphira ndi cipupa. Kuyambira caka ca 2002 boma la Israel linayamba kumanga cipupa colekanitsa dera la West Bank, likunena kuti likudziteteza ku mabomba amene anapha anthu ambiri m'zaka zimenezo. Apalestina amati cipupaco cinawadulira minda, nchito ndi acibale. Ku al-Eizariya n'casimenti, ndipo kutalika kwake kumafika mamita 8. Kanjira kakale kocokera ku Betaniya kupita ku Betefage, kumene Ambuye anakwerera bulu pa tsiku la kanjedza, kanatsekedwa. Masisitere a Comboni, amene timawadziwa kuno kwathu, ali ndi nyumba pamenepo, ndipo cipupaci cinadutsa m'mphepete mwa bwalo lao n'kuwalekanitsa ndi mabanja ambiri amene ana ao ankabwera ku sukulu yao ya ana aang'ono. Ife tinapitako nkhondo imene inabuka mu Okutobala 2023 isanayambe, komabe basi yathu inacita kuzungulira kutali, kutsika ndi mseu wa ku Yeriko n'kubwereranso, kuti ifike pamalo amene Ambuye ankafikapo wapansi cakudya camadzulo cisanapse.

Wina asayembekeze kamudzi kabata ka m'zithunzi za m'buku la katekisimu. Al-Eizariya ndi tauni yothithikana, ya fumbi, ya magalaji ndi masitolo a mipando, ya magalimoto oimbirana mahutala. Anthu ake ambiri ndi Asilamu, ndipo akhristu atsalamo ocepa. Mukapatuka pa mseu waukulu n'kukwera kamseu kopapatiza, mumapeza nyumba zitatu zopemphereramo zitaunjikana pamanda amodzi: kumunsi tchalitchi la Akatolika, pakati mzikiti wa al-Uzair, kumtunda tchalitchi la Agriki a Orthodox limene linamangidwa mu 1965. Munthu amene m'Mthenga Wabwino sanalankhule kanthu wasonkhanitsa zipembedzo zitatu pakhomo pake.

Malowa anayamba kulemekezedwa kale kwambiri. Mlendo wina wocokera ku Bordeaux, amene anayenda m'Dziko Loyera mu 333, anatchula za manda a Lazaro. Mai wina dzina lake Egeria, amene anakhala kumeneko pakati pa 381 ndi 384, anafotokoza kuti Loweruka lotsogolera Lamulungu la Kanjedza akhristu a ku Yerusalemu ankabwera kuno ndi episkopi wao, ndipo ankaculuka mpaka kudzaza minda yozungulira. Mu 1143 mfumukazi Melisende anamangapo nyumba ya masisitere a Benedikto Woyera, imene bwinja la nsanja yake likuonekabe. Matchalitchi anamangidwa, anagwa, anamangidwanso. Limene lilipo tsopano ndi la abambo a Fransisko Woyera, lomangidwa pakati pa 1952 ndi 1955, ndipo pabwalo pake anasiya poyera zidutswa za pansi pa matchalitchi akale, zokongoletsedwa ndi timiyala tamitundumitundu.

Amene analemba pulani yake ndi Antonio Barluzzi, Mtaliyana yemwe uja anamanganso tchalitchi la ku Getsemani. Munthuyu ankalalikira ndi miyala. Tchalitchi la ku Betaniya analimanga ngati manda. Zipupa zake n'zotuwa, zilibe mazenera, ndipo mukangolowa mumamva ngati mwatsekeredwa. Kuwala kumacokera kumwamba kokha, pa denga lobulungira, kotero kuti munthu sangacitire mwina koma kutukula mutu. Kuseri kwa guwa kuli cithunzi ca timiyala ca Yesu ali ndi alongo awiri aja, ndipo pamenepo analembapo m'Cilatini mau a pa Yohane 11:25. M'menemo tinacitiramo Misa, ndipo tinamva mutu 11 wa Yohane ukuwerengedwa.

Mutu umenewu ndauwerenga pamanda kambirimbiri. Inu amene mumakhala kumidzi mukudziwa kuti wansembe amafika ku nthambi zathu mwa apo ndi apo, pamene imfa siyang'ana tsiku limene abambo adzabwere. Cakudza siciimba ng'oma. Tsono amene amaima kumutu kwa dzenje, buku m'manja, adzukulu akudikira ndi makasu ao, ndi ife akatekisiti. Ndipo pa maliro alionse, kaya ndi a nkhalamba kaya a khanda, pamakhala munthu mmodzi amene maso ake amandifunsa ngati zimene ndikunenazo ndikuzikhulupirira, kapena ndikungotsiriza mwambo.

Nyumba ya Marita pa masiku amenewo inali nyumba ya maliro monga tiidziwira. Ayuda ankaika maliro tsiku lomwelo la imfa, kenaka acibale ndi anansi ankakhala ndi ofedwa masiku asanu ndi awiri. Yohane akuti anthu ambiri anacokera ku Yerusalemu kudzapepesa (11:19). Maliro n'kulirana, ndipo kumeneko nakonso zinali conco. Alongo awiriwa anali atatumiza mthenga Lazaro akali moyo, koma Yesu atamva anakhalabe kumene anali masiku ena awiri (11:6). Anafika mwambo wonse utatha, monga wacibale wa ku Copperbelt amene amapeza anthu akusesa phulusa.

Marita sanamudikire m'nyumba. Anakamucingamira kunja kwa mudzi, ndipo mau ake oyamba sanali moni. Anamuuza kuti akanafika msanga, imfa imeneyi sikanacitika (11:21). Maria atabwera ananena zomwezo (11:32), zimene zikuonetsa kuti awiriwa anakhala akuuzana mau amenewa usiku ulionse. Palibe nyumba ya maliro imene sindinawamvemo mau otere. Galimoto ikanapezeka msanga. Ndalama zikanakhalapo. Akanamvera n'kupita ku cipatala mwezi watha. Ndipo pansi pa zonsezi pamakhala dandaulo limene akhristu amaopa kulitulutsa, lakuti tinapemphera, tinacita novena, tinapereka ya Misa, koma Mulungu anacedwa. Marita analitulutsa pamaso pa Mwana wa Mulungu, ndipo sanadzudzulidwe. Ine ndimaona kuti dandaulo lotere ndi pemphero ndithu, pakuti munthu sadandaulira amene sakumuyembekezera kanthu.

Yesu atamuuza kuti mlongo wake adzauka, Marita anayankha monga mwana wa kalasi amene waloweza bwino. Anati akudziwa kuti zimenezo zidzacitika pa tsiku lomaliza (11:24). Yankho lake linali loona. Afarisi ankaphunzitsa zomwezo, ndipo nafenso timazinena Lamulungu lililonse m'Kumvera kwa Apostoli. Ndikanakhala ine ndikumuyesa mayeso a ubatizo, ndikanamupatsa zonse. Koma tamverani kuzizira kwake. Tsiku lomaliza lili kutali, pamene mphasa ya Lazaro ili pomwepo m'nyumba, yopanda munthu. Yankho loona lingathe kukhala ngati cimanga ca m'nkhokwe yokhoma: cilipo, koma ana akugona ndi njala.

Apa ndi pamene Ambuye anasuntha nkhani. Anacotsa maso a Marita pa tsiku lakutali lija n'kuwaika pa Iye mwini. Kuuka kumene Marita ankakuyembekeza kumathero a dziko kunali kutaima pamaso pake, kutavala fumbi la mseu wa ku Yeriko. Anamuuza kuti munthu womukhulupirira, imfa ingamugwetse koma singamusunge, ndipo anatsiriza ndi funso lolunjika kwa Marita yekha, ngati iye akuvomereza zimenezi (11:25-26). Onani nthawi ya funsoli. Mwala unali ukali pakhomo pa manda. Panalibe cozizwitsa cimene Marita anali ataona. Ndipo mai ameneyu, amene timangomukumbukira ngati wotanganidwa ndi miphika, anavomereza kuti Yesu ndiye Khristu, Mwana wa Mulungu (11:27), civomerezo cofanana ndi ca Petro ku Kesareya wa Filipi. Kalata ya kwa Ahebri 11:1 imafotokoza cikhulupiriro ngati kugwiritsa zinthu zimene maso sanazione. Marita anagwiritsa mlongo wake akali kununkha m'phanga.

Kwa Yohane moyo wosatha suyamba pa tsiku la maliro. Pa 5:24 akunena za wokhulupirira ngati munthu amene waoloka kale, wacoka ku imfa wafika ku moyo. Pa 17:3 moyo wosathawo akuutanthauzira kuti ndi kudziwana ndi Atate ndiponso ndi Yesu amene anatumidwa. Paulo Woyera akuonjeza kuti pa ubatizo tinalowa m'manda pamodzi ndi Khristu kuti tiyambe kuyenda moyo wina (Aroma 6:3-4). N'cifukwa cake Eklezia amawerengera akatekumeni nkhani ya Lazaro pa Lamulungu lacisanu la Lenti, atamva kale za mai wa ku Samariya ndi za munthu wobadwa wakhungu, kutangotsala sabata ziwiri kuti abatizidwe usiku wa Paska. Funso la Marita limafunsidwa kwa amoyo. Tikalisunga mpaka tsiku la bokosi, amene timafuna kumufunsayo sangathenso kuyankha.

Misa itatha tinatuluka n'kukwera pang'ono ndi kamseu kaja, kupitirira mzikiti, mpaka pa kakhomo kakang'ono ka m'cipupa ca miyala. Khomo lenileni lakale linatsekeka mzikiti utamangidwa kale, ndipo ili limene tikulowera lero analiboola ndi abambo a Fransisko pakati pa 1566 ndi 1575. Makwerero ake ndi oposa 20, osalingana, oterera cifukwa ca mapazi a zaka mazana anai. Munthu amatsika cammbali, dzanja lili ku cipupa. Pansi pali kacipinda koyamba, pamene mwambo umati Yesu anaima. Kucokera apo pali kabowo kotsika, kamene munthu wamkulu amalowa cokwawa, ndipo mkati mwake ndimo m'manda. Mumalowa anthu owerengeka okha. Mulibe guwa, mulibe maluwa, mulibe ciliconse cogwira maso. Ndi miyala, cinyontho ndi kababu kamodzi.

Palibe mwala wolembedwa dzina la Lazaro wa m'nthawi ya Yesu umene unapezekamo, ndipo mbali yaikulu ya thanthwe inakutidwa ndi miyala yomangira ya m'zaka za pambuyo. Cimene cilipo ndi umboni wakuti akhristu akhala akuloza malo ano kwa zaka pafupifupi 1,700, ndiponso kuti ofukula zakale, motsogozedwa ndi bambo Sylvester Saller pakati pa 1949 ndi 1953, anapeza kuti dera lino linalidi ndi mudzi ndi manda m'nthawi imeneyo. Kwa ine zimenezo n'zokwanira. Cikhulupiriro cathu sicinamangidwe pa phanga.

Mai wina wa m'gulu lathu, amene anaika mwana wake wamwamuna caka ca m'mbuyo mwake, atalowa m'menemo anayamba kulira, ndipo wina anafuna kumutontholetsa pomuuza kuti mkhristu salira pamalo oyera. Ndinamugwira dzanja wotontholetsayo kuti amuleke. Pamalo pomwepa Ambuye anagwetsa misozi (11:35), ngakhale ankadziwa bwino cimene anali pafupi kucita. Pali ciphunzitso cina cikulowa pa maliro athu, cakuti kulira ndi kusowa cikhulupiriro, ndipo ofedwa amauzidwa kuti aumitse maso ndi kuomba m'manja. Paulo sanaphunzitse zimenezo. Pa 1 Atesalonika 4:13 sakuletsa cisoni. Akuletsa cisoni ca anthu opanda ciyembekezo. Tinamusiya maiyo alire mpaka anatha yekha, kenaka tinanena Atate Athu.

Tili m'katimo ndinaganiza za cinthu cimene sitikonda kucitchula polalika. Lazaro anafanso. Mwambo wa akhristu a kum'mawa umati anathawira ku cisumbu ca Cyprus, anakhala episkopi wa mzinda wa Kition, umene lero ndi Larnaca, ndipo anamwalira komweko. Kumeneko kuli tchalitchi la dzina lake lomangidwa pamwamba pa manda ake aciwiri, ndipo mbiri imati mfumu Leo VI anatengako mafupa ake kupita nawo ku Constantinople mu 898. Kaya mwambowo ndi woona m'zonse kaya ai, mfundo yake siikanika. Munthu amene anaitanidwa ndi liu la Mwana wa Mulungu anakalamba, anadwala, ndipo anthu anamukumbiranso.

Yohane anasiya cizindikiro ca zimenezi m'nsalu. Lazaro anatuluka ali womangidwa manja ndi miyendo, nkhope itakulungidwa (11:44). Anatuluka ndi zovala za imfa cifukwa anali kudzazifunanso. Koma m'mawa wa Paska Petro ndi Yohane anapeza nsalu zitasiyidwa m'manda, ya kumutu itapindidwa payokha (20:6-7). Mwini wake analibe nazonso nchito, pakuti, monga akunenera Paulo pa Aroma 6:9, imfa inalibenso mphamvu pa Iye. Cimene cinacitika ku Betaniya cinali cikwangwani ca pa mseu, ndipo mudzi weniweni ndi manda opanda kanthu a ku Yerusalemu. Cipulumutso cimene timalalika si kubwezeredwa ku moyo uno wa malungo ndi ngongole kuti tionjezereko zaka makumi awiri. Ndikunena izi cifukwa masiku ano kwadzaza alaliki olonjeza kuti wokhulupirira sadwala, sasauka, ndipo akadwala ndiye kuti cikhulupiriro cake n'cocepa. Ndaona anthu akusiya mankhwala cifukwa ca mau otere, ndipo tinawaika. Lazaro anali bwenzi la Yesu, Mthenga Wabwino ukutero poyera, koma anadwala mpaka kufa, kawiri konse.

Pali kanthu kena m'ndime yomweyo. Yesu, amene anali ndi mphamvu yodzutsa wakufa, sanagubuduze yekha mwala, ndiponso sanamasule yekha nsalu. Zonse ziwiri anauza anthu oimirira pamenepo kuti acite (11:39, 44). Augustino Woyera ankaona m'kumasulaku nchito ya Eklezia yomasula wocimwa amene Khristu wamudzutsa kale mumtima. Ine, monga munthu wa kumidzi, ndimaonamonso zina. Pa maliro athu amene amatsala womangidwa ndi wamoyo. Mai wamasiye amamangidwa ndi acibale a mwamuna amene ayamba kuwerenga mbuzi ndi malata mtembo usanatuluke m'nyumba, ngakhale kuti lamulo la dziko lino loteteza amasiye pa cuma ca womwalira lakhalapo kuyambira 1989. Gogo wa kumapeto kwa mudzi amamangidwa ndi manong'onong'o akuti ndiye wadya mwanayo. Ku Betaniya nakonso onong'ona analipo, amene ankafunsana cifukwa cimene wotsekula maso a wakhungu analephera kuletsa imfa ya bwenzi lake (11:37). Kudzutsa akufa sitingathe, ndipo palibe anatipempha. Koma nsalu izi zili m'manja mwathu, ndipo mkhristu amene waimba mokweza usiku wonse pa maliro n'kukhala cete m'mawa pogawa katundu wasiya Lazaro ali cimangire.

Titatuluka, kuwala kwa dzuwa kunatithobwa m'maso, ndipo mawondo a ambiri a ife anali akunjenjemera ndi makwerero aja. Ogulitsa makorona ndi timitanda ta mtengo wa azitona anatizungulira. Tinagula, pakuti alendo akacepa mabanja amenewa ndiwo amayamba kugona ndi njala. Kucokera pamenepo munthu akayang'ana kumtunda amaona phiri limene kuseri kwake kuli Yerusalemu, ndipo amamvetsa kuti nkhani ya pano sikanatha kubisika. Ena mwa opepesa maliro aja anapita kukauza Afarisi, bwalo lalikulu linakhala pansi, ndipo Yohane akuti kuyambira tsiku limenelo anapangana zakuti Yesu aphedwe (11:53). Potulutsa bwenzi lake m'manda, Ambuye anadzitsekulira ake. Tomasi anali ataziona kale zimenezi asananyamuke, pamene anauza anzake kuti apite naye ngakhale kukhale kukafa (11:16). Ndipo ansembe aakulu sanalekere pa Yesu. Anapangana kupha Lazaro yemwe, cifukwa anthu ambiri ankakhulupirira pomuona akuyenda (12:10-11).

Kwa zaka zambiri pa 29 Julayi Eklezia ankakumbukira Marita yekha. Mu 2021 Papa Fransisko analamula kuti tsikulo likhale la onse atatu, Marita, Maria ndi Lazaro, monga banja limene linalandira Ambuye m'nyumba. Ndipo ku Betaniya komweko ndi kumene Yohane akutionetsa Lazaro komaliza. Akanakhala wa kwathu kuno, mudzi wonse ukanamuunjirira kuti afotokoze zimene anaona kutsidyako, ndipo ena akanamutsekulira mpingo. Yohane sanalembe liu ngakhale limodzi locokera pakamwa pake. Analemba kuti kunakonzedwa cakudya, Marita ankaperekera monga mwa masiku onse, Lazaro anali pakati pa odya pamodzi ndi Yesu, ndipo Maria anabwera ndi mafuta a mtengo wapatali nadzoza mapazi a Ambuye, fungo lake n'kudzaza nyumba yonse (12:1-3). Yudasi atadandaula za ndalama, Yesu anayankha kuti mafutawo anali okonzera kuikidwa kwake. Kunali kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti Paska ifike, ndipo m'mawa mwake anakwera phiri kulowera ku Yerusalemu.